Kuchokera ku Balaka Kukafika ku Chawe: Chiyankhulo cha pa Ulendo wa Minibasi

Mawu oyamba

Alendo ambiri ochokera kunja akafika m'chigawo chino amafuna kuona malo awiri, nkhalango ya zinyama ya Liwonde ndi phiri la Zomba, kumene kuli hotela yotchuka ya Sunbird Ku Chawe. Amene ali ndi ndalama zambiri amachita hayala galimoto ndipo amafika pamwamba pa phiri osayankhulana ndi munthu aliyense kupatula dalaivala wawo. Koma alipo ena, makamaka ophunzira ndi achinyamata oyenda ndi zikwama kumsana, amene amakwera minibasi monga timachitira tonsefe. Alendo oterewa ndi amene ndikuwaganizira m'nkhani ino.

Ine kwathu ndi ku Balaka ndipo maphunziro anga ndimachitira ku Zomba, motero msewu umenewu ndimauyenda kangapo pa chaka. Nthawi zina ndaperekezapo anzanga ochokera m'mayiko ena amene amafuna kukadya nkhomaliro pamwamba pa phiri. Zimene ndaona n'zakuti ulendowu, ngakhale sukwana makilomita 100, umadutsa m'ziyankhulo zitatu: Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi. Mlendo wosadziwa mawu oyenera amalipira ndalama zambiri, amatsika pamalo polakwika, kapena amakhumudwitsa anthu asakudziwa.

Cholinga changa ndi kufotokoza momwe munthu amayendera ulendowu, ndiponso kusonyeza zimene wophunzira chiyankhulo angatolemo. Ndiyamba ndi njira yeniyeniyo, kenaka mawu a pa depoti, mayankhulidwe a m'minibasi, Chiyao cha ku Machinga, ndipo pomaliza mayina ndi zakudya za pamwamba pa phiri.

Njira yake

Ulendowu uli ndi zigawo zitatu. Chigawo choyamba ndi chochokera ku Balaka kufika ku Liwonde pa msewu wa M8, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Dera limeneli ndi lachidikha, lotentha, lodzala ndi milambe. Msewu wa M8 umakumana ndi wa M3 wochokera ku Mangochi, ndipo mukangoyenda pang'ono mumafika pa mtsinje wa Shire. Pamenepa pali Kamuzu Barrage, chotchinga madzi chimene chidamangidwa mu 1965 kuti chiziwongolera madzi opita kumalo opangira magetsi monga ku Nkula ndi ku Tedzani. Chapafupi pomwepo pali mlatho wa njanji yochokera ku Nkaya kupita ku Nayuchi, imene idatsegulidwa mu 1970 ndipo masiku ano imanyamulanso malasha ochokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala.

Mukaoloka Shire mwalowa m'boma la Machinga. Kale Balaka idali mbali ya boma lomweli mpaka mu 1998 pamene idakhala boma palokha. Ku Liwonde n'kumene amatsika alendo opita ku nkhalango ya zinyama, imene idakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kuyambira mu 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma.

Chigawo chachiwiri ndi chochokera ku Liwonde kufika ku Zomba pa msewu wa M3, makilomita pafupifupi 50. Msewu umayamba kukwera mapiri, kudutsa pa Machinga boma, Malosa, Domasi, Songani ndi Chinamwali. Apa mpweya umayamba kusintha. Liwonde ili pamalo osafika mamita 500 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene tauni ya Zomba ili cha m'ma 900.

Chigawo chachitatu ndi chokwera phiri, makilomita pafupifupi 10 kuchokera m'tauni. Hotela ili m'mphepete mwa phirilo cha m'ma mamita 1,500, ndipo nsonga yaitali kwambiri ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Munthu amene wanyamuka ku Balaka thukuta lili kamukamu amafuna juzi akafika pamwamba, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julaye.

Mawu a pa depoti

Mlendo wodziwa Chingerezi amadabwa akamva kuti mawu ambiri a pa depoti ndi a chiyankhulo chake, koma iye sakuwazindikira. Chifukwa chake ndi kapangidwe ka maphatikizo. M'Chichewa phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, ndipo malembo ena opanda liwu sangatsatizane popanda liwu pakati pawo. Motero mawu obwereka amawonjezeredwa malembo a liwu kuti akhale bwino pa lilime lathu. Mawu akuti bus adasanduka basi, stage adasanduka siteji, brake adasanduka buleki, ndipo conductor adasanduka kondakitala. Mawu a maphatikizo atatu m'Chingerezi atuluka ndi maphatikizo asanu m'Chichewa.

Mawu akuti depoti ali ndi phunziro lapadera. Angerezi potchula depot satchula lembo lomaliza lija. Ife timalitchula, ndiponso timawonjezerapo i. Izi zikusonyeza kuti mawuwa tidawabwereka ndi maso powerenga pa zikwangwani, osati ndi makutu pomva eni ake. Mlendo amene afunsa njira ya ku "depo" angathe kuyang'anidwa kaye asanayankhidwe.

Chinthu china ndi magulu a mayina. Dzina lobwereka liyenera kulowa m'gulu lina kuti lipeze agwirizanitsi ake. Timati basi ya ku Zomba yanyamuka, koma pochulukitsa timati mabasi a ku Zomba anyamuka. Ndiye kuti dzinali likakhala limodzi limatenga agwirizanitsi a gulu la I-Zi, koma pochuluka limathawira ku gulu la Li-Ma. Tayala lidalowa m'gulu la Li-Ma kwathunthu: tayala laphulika, matayala atha. Kondakitala ndi dalaivala ndi anthu, motero timati kondakitala wathu, koma pochulukitsa timamva makondakitala, pamene akondakitala nthawi zambiri amatanthauza munthu mmodzi amene tikumulemekeza.

Si mawu onse amene adachokera ku Chingerezi. Galimoto ili ndi mawu a Chiswahili akuti gari, ophatikizidwa ndi moto. Ganyu, imene anyamata onyamula katundu amagwira pa siteji, idachokera ku Chipwitikizi, monganso nsapato ndi mbatata. Sitima idayamba ngati steamer ya pamadzi, ndipo njanji itafika anthu adangoti sitima ya pamtunda. Matola, galimoto zonyamula anthu popanda kukhala mabasi enieni, amamveka bwino kwa aliyense wodziwa mneni kutola. Kabaza poyamba adali wa njinga yakapalasa, koma tsopano dzinali lakuta ndi njinga zamoto zomwe. Ndipo dzina la galimoto ya Toyota Sienta lasanduka dzina la mtundu wa ulendo, moti munthu amati "ndabwera pa Sienta" monga angati "ndabwera pa basi".

Mawu amenewa ali ndi mbiri. Makolo athu ankakwera mabasi a kampani imodzi, United Transport Malawi, imene mu 1989 idagulidwa ndi Stagecoach, ndipo pambuyo pake idadzakhala Shire Bus Lines. Mabasi amenewo adali ndi nthawi yonyamukira, matikiti ndi masiteji odziwika. Maminibasi atachuluka m'zaka za m'ma 1990, mawu akale adatsala koma matanthauzo adasintha. Lero siteji ndi paliponse pamene munthu waima ndi kukweza dzanja. Mayiko ena adapeza mayina awoawo a galimoto yomweyi: chapa ku Mozambique, daladala ku Tanzania, matatu ku Kenya, kombi ku Zimbabwe. Ife tidakhutira ndi minibasi.

Mayankhulidwe a m'minibasi

Kudziwa mayina a zinthu sikokwanira. Mlendo ayeneranso kudziwa kuti ziganizo zina za pa depoti sizitanthauza zimene zikunena. Anyamata oitanira akati "ikunyamuka pompano" kapena "watsala mmodzi", tanthauzo lake n'lakuti minibasi inyamuka ikadzadza. Palibe Mmalawi amene amaona ngati wanamizidwa, chifukwa tonse timadziwa kuti awa ndi mawu okopera. Chimene munthu wozolowera amachita ndi kusuzumira m'kati ndi kuwerenga mipando yotsala. Boma lidaletsa kuitanira mu 2006, koma mchitidwewu sudathe, ndipo mawu ake akadali amoyo.

Chimodzimodzi mawu akuti "atigulitsa". Minibasi yochokera ku Balaka ikafika ku Liwonde anthu ambiri n'kutsika, dalaivala angaone kuti kupitirira ku Zomba ndi anthu ochepa n'kuluza mafuta. Kondakitala amagwirizana ndi mnzake wa minibasi ina, amamupatsa gawo la ndalama, ndipo okwera amauzidwa kuti asamuke. Mlendo amene wamva mneni kugulitsa koyamba pamenepa angachite mantha. Chofunika kudziwa n'chakuti salipiranso, koma ndi bwino kuonetsetsa kuti makondakitala awiriwo amvana iye asanachotse katundu wake.

Ulemu uli ndi malo aakulu m'minibasi, ngakhale anthu apanikizane anayianayi pa mpando wa anthu atatu. Kondakitala sanena kuti "lipira". Amati "tiyeni tilipire kumbuyoko", ngati kuti nayenso alipira nawo. Safuula kuti "suntha". Amati "tisendezeko pang'ono amayi". Mphatikiri ti- amamuika woyankhulayo m'gulu limodzi ndi womverayo, ndipo mphatikiri -ko amachepetsa ukali wa lamulo n'kulisandutsa pempho. Wokwera nayenso amati "mundisiyeko pa Domasi". Alendo ena amaphunzira "uli bwanji" ndipo amanena mawuwa kwa gogo wa imvi. Gogoyo amaseka n'kuyankha, koma mawu oyenera ndi "muli bwanji", pakuti munthu wamkulu kapena wosamudziwa timamutchula mochulukitsa.

Mayina oitanira anthu nawonso amanena zambiri. Mayi wachikulire ndi amayi, mwamuna wamkulu ndi abambo kapena madala, mnyamata ndi achimwene, mtsikana ndi asisi kapena achemwali, ndipo wovala taye ndi abwana. Mlendo wa khungu loyera amamva mzungu paliponse ndipo ena amakhumudwa nazo. Ndimawafotokozera kuti mawuwa adakula tanthauzo, moti wogulitsa malonda angathe kutchula Mmalawi mnzake amene amamugula kawirikawiri kuti "mzungu wanga". Komabe sitingabise kuti m'kati mwa mawuwa muli ganizo lakuti munthuyo ali ndi ndalama, ndipo ganizo limeneli limakweza mitengo.

Pa nkhani ya ndalama pali chodabwitsa china. Mlendo akayesetsa kufunsa m'Chichewa kuti "ndalama zingati", yankho limabwera m'Chingerezi chovala Chichewa: thuu sauzande, faifi handiredi. Palibe kondakitala amene anganene kuti zikwi ziwiri ndi mazana asanu. Kawerengedwe kathu kamatalika tikadutsa zisanu, pakuti timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, ndipo pa malonda anthu adasankha chachifupi. Mitengo ya ulendo sindingailembe pano chifukwa imasintha ndi mtengo wa mafuta, monga zidachitikira kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Langizo langa ndi lakuti mlendo afunse mayi kapena bambo amene wakhala kale m'minibasi asanafunse kondakitala. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Ngakhale mlendo woyankhula Chinyanja amapunthwa. Mnzanga wina wa ku Lusaka atafuna kutsika pa Malosa adati "niseluka", monga amanenera kwawo. Kondakitala sadatembenuke mpaka mayi wina adafuula kuti "wotsika!" Mawu amodzi amenewa, kapena kugogoda denga la minibasi, ndiwo amaimitsa galimoto kuno.

Chiyao cha ku Machinga

Kuyambira ku Balaka komweko munthu amamva Chiyao apo ndi apo, koma chimachuluka mukaoloka Shire. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 735,000 m'boma la Machinga ndi oposa 438,000 m'boma la Balaka, ndipo m'maboma onse awiri Ayao ndi ambiri, pamodzi ndi Alomwe, Angoni ndi Amang'anja. Mizikiti ya m'mbali mwa msewu ndi mayina a mafumu monga Liwonde, Kawinga, Kalembo ndi Malemia zimakumbutsa kuti Ayao adakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1800 kuchokera kumpoto kwa Mozambique. Tauni ya Liwonde idatenga dzina la mfumu.

Dzina lakuti Machinga ndi phunziro la galamala palokha. Bomali kale linkatchedwa Kasupe. Amachinga ndi gulu limodzi mwa magulu a Ayao, ndipo Yohanna Abdallah, m'buku lake la mbiri ya Ayao losindikizidwa ku Zomba mu 1919, adafotokoza kuti magulu amenewa ankatchedwa ndi mayina a mapiri ndi malo amene adakhalako. M'Chiyao machinga ndi kuchulukitsa kwa lichinga, dzina lomwe lili pa mzinda waukulu wa chigawo cha Niassa ku Mozambique. Apa tikuona gulu la Li-Ma m'maonekedwe ake enieni. Ana a sukulu amafunsa chifukwa chimene timalitchulira Li-Ma pamene mayina ambiri a m'gululi, monga khasu, dzina ndi diso, sayamba ndi li-. Chiyao chimayankha funsoli, pakuti icho chidasunga mphatikiri amene Chichewa chidataya m'mayina ambiri. Diso ndi liso, dzino ndi lino, dzina ndi lina, ndipo khasu ndi lijela. Wophunzira amene watchera khutu pakati pa Liwonde ndi Domasi amamva umboni wa mbiri ya ziyankhulo za Chibantu popanda kutsegula buku.

Chimene ndimachita nacho chidwi kwambiri ndi momwe anthu amasinthira chiyankhulo. Amayi awiri okwera pa Machinga boma amacheza m'Chiyao ulendo wonse, koma polipira amatembenukira ku Chichewa, ngakhale kondakitalayo akhale Myao mnzawo. Chiyao chimakhala cha kucheza ndi cha kumudzi, Chichewa cha malonda ndi cha pagulu. Izi zili ndi chiyambi chake. Mu 1968 boma lidasankha Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko pamodzi ndi Chingerezi ngati chiyankhulo cha ntchito za boma, ndipo ziyankhulo zina zidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Chiyao chidayamba kumveka pa nkhani za wailesi ya MBC mu 1996. Zaka pafupifupi 30 za kukhala kunja zidasiya chizolowezi chimene tikuchionabe m'minibasi.

Koma kubwereka sikudayende mbali imodzi. Achimwene ndi achemwali, mawu amene Achewa ambiri amawayesa awo, adachokera ku Chiyao, monganso Che amene timamuika patsogolo pa dzina la munthu pomulemekeza. Mlendo amene waphunzira "ali uli" ndi "sikomo" amalandiridwa mwansangala ndi ogulitsa nsomba pa Liwonde, amene amathamangira galimoto atanyamula chambo kuti wogula akachipachike pa galasi la kunja. M'Chiyao nsombazo ndi somba, ndipo nsima yodyera ndi ugali, dzina limene mlendo wochokera ku Tanzania kapena ku Kenya amalidziwa kale.

Pa, ku, mu ndi dzina la Ku Chawe

Chichewa chili ndi aphatikiri atatu osonyeza malo, ndipo ulendo uno umawagwiritsa ntchito onse. Timati ndikupita ku Liwonde, pamene malowo ali kutali ndipo tikuwaona ngati dera. Timati nditsika pa Liwonde, pamene tikunena malo enieni oimapo galimoto. Timati muli anthu ambiri mu Liwonde, pamene tikuganiza za m'kati mwa tauniyo. Kondakitala akamva ku amadziwa kumene mukulowera, koma akamva pa amadziwa poti aimitse. Chingerezi chili ndi mawu ake osonyeza malo, koma sakhudza mneni monga zimachitikira kwathu, pamene timati ku Zomba kukuzizira, pa Domasi pali anthu, m'minibasi mwadzadza.

Tsono taonani dzina la hotela ija. Ku wa mu Ku Chawe ndi mphatikiri yemweyu wa malo, amene adamatirira ku dzina n'kulembedwa pa chikwangwani ndi lembo lalikulu. Mlendo amalitenga lonse ngati dzina limodzi ndipo m'Chingerezi amawonjezera to kapena at patsogolo pake, osadziwa kuti wanena ku kawiri. Ife eni chiyankhulo timagawanika. Ena timati ndikupita ku Chawe, monga galamala ifunira. Ena, makamaka amene adalidziwa dzinali powerenga, amati ndikupita ku Kuchawe. Zoterezi zimachitikanso ndi malo ogona alendo a Kumbali ku Lilongwe. Dzina likadutsa m'Chingerezi n'kubwerera kwathu, limabwera litauma, ndipo timayamba kuliona ngati lachilendo.

Pofika m'tauni ya Zomba ulendo wa minibasi watha. Palibe minibasi yokhala ndi njira yokhazikika yokwera phiri, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Minibasi imapindula ndi anthu okwera ndi kutsika m'njira, pamene phirili ndi nkhalango yotetezedwa yokhala ndi anthu ochepa, ndipo msewu wake ndi wokhotakhota, wodya mafuta. Mlendo ali ndi njira zitatu. Angachite hayala takisi, angakwere njinga yamoto, kapena angayende wapansi. Pochita hayala ndi bwino kumvana mtengo wa kupita ndi kubwerera komwe asananyamuke, ndi kunena nthawi yodzatengedwa, chifukwa pamwamba sipakhala galimoto zodikira anthu monga pa depoti.

Oyenda pansi amadzera njira yachidule yotchedwa Potato Path, imene dzina lake limakumbutsa alimi onyamula mbatata ya kachewere kupita nayo kumsika wa m'tauni. Njirayi ndi yotsetsereka kwambiri ndipo nthawi ya mvula imaterera, motero ndi nzeru kuyenda ndi munthu wodziwa phirilo. M'njira mlendo amakumana ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni ndi abambo otsitsa njinga zolemedwa ndi mitengo. Kwa iye phirili ndi malo opumulirako, pamene kwa anthu amenewa ndi kumene kumachokera chakudya cha ana, ndipo kudula mitengo pamodzi ndi moto wolusa zasiya mbali zina za phiri zili mbee.

Pamwamba pa phiri

Mukafika pamwamba, chiyankhulo chachitatu chimatenga malo. Zomba idali likulu la dziko lino mpaka mu 1975, ndipo phirili lidali kopumulira akuluakulu a boma la atsamunda. Mayina a malo oonerako zinthu akuchitira umboni. Queen's View imakumbutsa ulendo wa mayi ake a Mfumukazi Elizabeth II mu 1957. Emperor's View imakumbutsa Haile Selassie wa ku Ethiopia, amene adacheza m'dziko muno mu 1965. Palinso Williams Falls ndi Chingwe's Hole. Kuchokera pa malo awiri oyambawo munthu amaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje kukakhala kopanda nkhungu. Mayina achikuda adatsala pa mitsinje ndi pa nsonga, monga Mulunguzi, Chagwa ndi Malumbe. Tinganene kuti zimene anthu ankamwa ndi kulozerana zidasunga mayina awo, koma malo amene alendo ankaimapo n'kumayang'ana pansi adapatsidwa mayina atsopano.

M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa sitiroberi ndi zipatso zina za m'phiri, komanso miyala yonyezimira. Ambiri mwa iwo kwawo amayankhula Chichewa kapena Chiyao, koma malonda amaitanira m'Chingerezi, chifukwa adaphunzira kuti wofika pamwamba pano ndi munthu wa ndalama. Mukawayankha m'Chichewa nkhope zimamasuka ndipo kunenerera kumayamba.

M'mahotela akuluakulu a dziko lino mndandanda wa zakudya umalembedwa m'Chingerezi, ndipo woperekera zakudya amayamba kukulonjerani m'Chingerezi ngakhale nonse muli Amalawi. Koma pamenepa kubwereka kumatembenuka. Chambo chimalembedwa chambo, nsima imalembedwa nsima, chifukwa Chingerezi chilibe mawu ake. Pamene ayesa kumasulira m'pamene pamabuka vuto. Nsima imafotokozedwa ndi mawu akuti porridge, amene kwa ife ndi phala, chakudya cha m'mawa, cha ana ndi cha odwala. Ndiwo zimatchedwa relish, mawu amene kwa Mngerezi amatanthauza kanthu kochepa kokometsera chakudya, pamene kwathu ndiwo zingakhale nkhuku yathunthu. Mlendo wodalira kumasulira kotereku sadziwa chimene waitanitsa mpaka mbale itafika. Ndimaona kuti njira yabwino ndi kusiya mawu athu momwe alili ndi kumuphunzitsa mlendoyo kusamba m'manja, kutema mbamu ndi kusunsa.

Olemba athu nawonso adalimbana ndi nkhani yomweyi pa phiri lomweli. Steve Chimombo adalemba ndakatulo zake m'Chingerezi koma adasunga dzina la Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene anthu amati chikamasamuka chimagumula nthaka, monga zidachitikira ku Zomba mu Disembala 1946. Jack Mapanje, katswiri wa chiyankhulo amene adamangidwa mu 1987 n'kusungidwa ku ndende ya Mikuyu mpaka mu 1991, adatchula Chingwe's Hole m'ndakatulo zake, dzenje limene nthano zimati anthu ankaponyedwamo. Onse awiri adadziwa kuti mayina ena akamasuliridwa amataya mphamvu. Mlendo amene wawerenga olemba amenewa amaliona phirili mosiyana ndi amene wangobwera kudzajambula zithunzi.

Mawu otsiriza

M'nkhani ino ndasonyeza kuti ulendo wochokera ku Balaka kukafika ku Chawe uli ndi zigawo zitatu, ndipo chigawo chilichonse chili ndi chiyankhulo chimene chimalamulira. Chichewa ndicho chimayendetsa minibasi, Chiyao chimamveka m'macheza a ku Machinga, ndipo Chingerezi chimadikira pamwamba. Munthu akamakwera, mitengo ya zinthu imakwera naye, ndipo ziyankhulo zathu zimacheperachepera. Mlendo wokwera minibasi ali ndi mwayi umene wa galimoto ya hayala alibe, chifukwa amamva zonse zitatu, koma afunika womuthandiza kumvetsa.

Ntchito imeneyi ndi yathu ophunzira chiyankhulo. Bungwe la Centre for Language Studies, limene lidakhazikitsidwa mu 1996 m'malo mwa Chichewa Board, lidatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Kuchokera nthawi imeneyo mawu a pamsewu asintha kwambiri, ndipo ambiri amabadwa ndi kufa osalembedwa. Tingathe kuwasonkhanitsa ife amene timakwera maminibasi tsiku ndi tsiku. Tingathenso kufunsa akuluakulu a midzi yozungulira phiri, monga a kwa Malemia, mayina amene makolo awo ankatchulira mathithi ndi malo amene lero ali ndi mayina a Chingerezi, nthawi isanathe. Kabuku kochepa ka mawu a paulendo m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chingerezi kangathandize mlendo, ndipo zikwangwani za ziyankhulo zitatu pamwamba pa phiri zingauze mwana wa ku Ntaja kapena wa ku Ulongwe kuti malowo ndi akenso. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mafunso amene alendo amafunsa m'minibasi, onena za mawu amene ife timangowatchula osawaganizira, ndi poyambira pabwino pa kafukufuku wotere.